Tifunseni: Kodi kaboni faiba ndi yolimbadi kuposa chitsulo, nanga amayeza bwanji?

Mwezi uno makalata angapo abwera ofunsa za makompoziti, zipangizo zija amapanga pomata ulusi wolimba kwambiri ndi rezini (utomoni wamadzimadzi umene umalimba ukauma), monga faibagalasi ndi kaboni faiba. Ndasankhapo asanu, ena ndawafupikitsa pang'ono chifukwa cha malo.

Funso: Akulu, ndaona vidiyo ina mashini akukoka kachidutswa kakuda mpaka kuphulika, akuti akuyeza kaboni faiba. Nde funso langa ndi loti bwanji amaononga dala chinthu chabwinobwino, komanso zija amanena otsatsa malonda zoti kaboni faiba ndi yolimba kasanu kuposa chitsulo nzoona kapena ndi bodza basi? — Wokonda zamakina

Yankho: Achimwene, njira ina yodziwira pamene chinthu chimathera mphamvu palibe, umayenera uchifikitse pomwepo. Ndiye amadula tizidutswa tating'ono pa mbale yomwe yapangidwa ndi ulusi womwewo, rezini yomweyo, mu uvuni womwewo, nkumatithyola ito kuti chinthu chenichenicho chisadzathyokere munthu.

Mashini amene munaonawo ali ndi zibwano ziwiri, china m'munsi china m'mwamba, zimagwira sampulo mbali zonse kenako cham'mwambacho chimakwera pang'onopang'ono, mamilimita 2 okha pa mphindi ngati akutsatira sitandadi (malamulo a kayezedwe) ya ASTM D3039 yomwe malabu ambiri amagwiritsa ntchito pa tesiti yokoka imeneyi, ena amatsatira ISO 527. Muli kachipangizo koyeza mphamvu imene mashini akukokera, komanso pa sampulopo amamatapo ka strain gauge kapena kukoloweka extensometer kuti adziwe kuti yatanuka bwanji. Masiku ano ena amangowaza timadontho ta penti pa sampulo nkuyang'anitsa makamera, kompyuta nkumawerengera mmene timadonthoto tikusunthira. Ikaduka amatenga mphamvu ija nkugawa ndi kukula kwa podukapo, mulifupi kuchulukitsa ndi kukhuthala. Mwachitsanzo sampulo ya ulusi woyang'ana kumodzi imakhala mamilimita 15 mulifupi, 1 kukhuthala, 250 mulitali. Ikaduka pa manyutoni 30,000 ndiye kuti 30,000 kugawa ndi 15, mupeza 2,000 MPa (MPa imodzi ndi nyutoni imodzi pa sikweya milimita iliyonse). Manyutoni 30,000 ndi pafupifupi kulemera kwa matani atatu, pa kachinthu kopyapyala chonchija. Chitsulo wamba chomangira chimayamba kupindikiratu cha pa 250 MPa nkuduka pakati pa 400 ndi 550, komanso ndi cholemera pafupifupi kasanu poyerekeza ndi kaboni yosakaniza ndi rezini ya epoxy, magalamu 7.85 pa kiyubiki sentimita pamene inayo ili cha pa 1.6. Nde mukaona apa otsatsa aja sakunama kwenikweni.

Koma pali chimene samakuuzani ndipo ine ndi chimene chimandidetsa nkhawa. Nambala ija ndi ya pamene mukukoka motsatira kumene ulusi wagonera. Tengani mbale yomweyo, dulani sampulo chopingasa kuti ulusi ukhale modutsa, muikoke. Imaduka cha pa 50 MPa basi, chifukwa pamenepo ulusi sukugwira ntchito, yatsala ndi rezini yokha komanso pomwe rezini yamatana ndi ulusi. Chinthu chimodzi chomwecho, 2,000 mbali iyi, 50 mbali inayo. Zili ngati nsungwi, kuikoka mulitali simungaidule koma kuing'amba motsatira mitsempha yake ndi kampeni chabe. Chitsulo chilibe khalidwe limeneli, kulikonse mungachikokere chimakuyankhani pafupifupi chimodzimodzi. Nchifukwa chake opanga amasanjikiza maleya, ina pa madigiri 0, ina 90, ina 45 uku ndi uku, ndiye mphamvu imagawika mbali zonse koma nambala yaikulu ija imatsika kwambiri, sifikanso 2,000 ayi.

China ndi kathyokedwe. Chitsulo wamba chimatanuka kupyola 20 peresenti chisanaduke, chimayamba chapindika, munthu umaona kuti apa zavuta. Ulusi wa kaboni umatanuka 1.5 kapena 2 peresenti basi kenako phwaa, monga munaonera mu vidiyomo. Ulusiwo ndi wopyapyala zedi, mamilimita 0.007, moti mutaundanda pafupifupi 140 ndi pamene ukwane milimita imodzi, ndipo kupyapyalako ndi kumene kukuupatsa mphamvu. A. A. Griffith anaonetsa kale cha m'ma 1920 poyeza ulusi wa galasi kuti ukamapyapyala umalimbanso, chifukwa mwayi woti mukhale kamng'alu kobisika umachepa. Ndiye munthu akakuuzani nambala imodzi ya kulimba kwa kompoziti, mufunseni kuti mbali iti, maleya anasanjidwa bwanji, anayeza pokoka, pokanikiza kapena popinda. Akapanda kuyankha nambalayo isiyeni.

Funso: Zikomo akulu. Ndine mtsikana, ndikumaliza maphunziro a uinjiniya ndipo pulojekiti yanga ndi ya ulusi wa khonje wosakaniza ndi rezini ya polyester. Vuto ndi loti masampulo anga akutuluka manambala osiyana kwambiri, ina 28 MPa ina 51, ndipo ambiri akudukira pomwe mashini agwira osati pakati. A supavaiza akuti ndibwereze zonse koma sanandiuze chimene ndikulakwitsa, nthawi nayo yatha. Ndingochotsa manambala oipawo? — Wophunzira wotopa

Yankho: Achemwali, ayi, musachotse nambala chifukwa choti sikukusangalatsani, zimenezo ndi zomwe zimapha anthu kutsogolo uku mukadzakhala injiniya weniweni. Pali chifukwa chovomerezeka chosiyira sampulo ndipo mwachitchula nokha, ndiko kudukira pa zibwano. Sampulo yotere sinayeze kulimba kwa chipangizo chanu, yayeza mmene mano a mashini anailumira. Koma ngakhale imeneyo mumailembabe mu lipoti nkufotokoza kuti inadukira pati. D3039 ili ndi kalembedwe kake ka zilembo zitatu, LGM ndiye kuti yaduka chopingasa pakati penipeni, LAT ndiye kuti yadukira pa chibwano cham'mwamba. Jambulani chithunzi cha sampulo iliyonse ikaduka, a supavaiza akaona zimenezo adziwa kuti mukudziwa chimene mukuchita.

Kuti isadukire pogwirapo, matani timatabu kumapeto konse, tizidutswa ta faibagalasi tosongoka pang'ono cha mkati, ndi guluu wolimba wa epoxy. Ngati nthawi yathadi, sandipepa wopinda pakati, mbali yokalayo kuyang'ana ku sampulo, amathandiza ndithu pa zipangizo zosalimba kwambiri ngati zanuzi. Chepetsaninso kufinya kwa zibwano, ndipo onetsetsani kuti sampulo yaima chilili, ikapendekeka ngakhale pang'ono ndiye kuti mukuikoka uku mukuipinda. Ngati ulusi wanu ndi woduladula wongomwaza, osati wautali, mutha kudula masampulo owonda pakati aja a ASTM D638, amathandiza kuti idukire pakati.

Tsopano za kusiyana kwa manambala. Ulusi wachilengedwe umasiyanasiyana kale, tsamba ili ndi tsamba ilo sizifanana, nde musayembekezere kuti muona manambala ogundana ngati a aluminiyamu. Koma 28 ndi 51 ndi kutalikirana kwambiri, ine ndikukayikira kapangidwe. Choyamba chinyezi. Khonje amayamwa madzi a mumpweya, ndipo ulusi wachinyezi sugwirana bwino ndi polyester, uumitseni mu uvuni pa moto wochepa nkuugwiritsa ntchito nthawi yomweyo usanayamwenso. Ambiri amayamba auviika mu sodium hydroxide wa 5 peresenti kuti achotse zonona zapamwamba, kenako kutsuka bwinobwino mpaka soda yense atachoka, koma valani magolovesi ndi magalasi chifukwa amaotcha khungu. Kenako thovu. Mukamapaka rezini ndi burashi pamanja timabowo ta mpweya timatsalira mkati, yang'anani podukapo ndi galasi lokuzira, mukaona timaenje kapena ulusi wosololoka uli mbee wopanda rezini yomatirira, yankho lanu ndi limenelo. Gwiritsani ntchito rola ndipo tsindikani mbaleyo ndi cholemera pamene ikuuma.

Hadena, mankhwala olimbitsa rezini aja, nayo muziyeza ndi sirinji osati kungodontheza mwa diso, 1 mpaka 2 peresenti, ndipo mbale zonse zipatsidwe nthawi yofanana youma chifukwa polyester imapitiriza kulimba kwa masiku angapo, mbale ya dzulo ndi ya sabata yatha si chinthu chimodzi. Yezani pa sikelo ulusi umene mukuika mu mbale iliyonse. Pa faibagalasi anthu amaotcha sampulo kuti rezini ipse nkuyeza galasi lotsala, koma inu njira imeneyo singatheke poti khonje apsera limodzi, ndiye kuyeza musanasakanize ndi kofunika kwambiri. Podula, m'mbali mukhale mosalala, sowo yokhakhala imasiya timing'alu tomwe timayambitsa kuduka. Ndipo sampulo iliyonse muiyeze payokha ndi vernier malo atatu, musatenge kuti zonse ndi mamilimita 3 chifukwa chikombole chake ndi cha 3, mbale yopaka pamanja simakhuthala mofanana ndipo kulakwitsa theka la milimita pa 3 kumasuntha yankho lanu ndi pafupifupi 17 peresenti.

Sitandadi imafuna masampulo osachepera 5 pa mtundu uliwonse, ine ndinganene kuti dulani 8 kapena 10 kuti ena akaonongeka mutsale ndi okwanira. Asiyeni m'chipinda chimodzi asanayezedwe, malabu amagwiritsa 23°C ndi chinyezi cha 50 peresenti. Mu lipoti ikani avereji pamodzi ndi standard deviation, nambala yoonetsa mmene zotsatira zatalikirana. Ndipo chonde musafanizire manambala anu okoka ndi manambala a tesiti yopinda ya ASTM D790 a mu pepala la munthu wina, yopinda nthawi zambiri imatulutsa nambala yokwererapo, ophunzira ambiri amagwa pamenepa.

Funso: Njinga yanga ya felemu ya kaboni inagwa nkumenyetsa paipi yam'mwamba pa ngodya ya sitepe. Ndayang'ana, pangokhala kokalika pang'ono pa penti, palibe mng'alu. Anzanga akuti ili bho. Ndizikwerabe? — Wopalasa

Yankho: Achimwene, musaikwere kaye mpaka iunikidwe. Anzanuwo akuiona ndi maso a chitsulo, poti chitsulo chikamenyedwa chimabonyoka ndipo kubonyokako kumakuuzani kukula kwa vuto. Kaboni simabonyoka kawirikawiri, pamwamba pamabwerera mwakale koma mkati maleya amakhala amatuka, ndipo kumatukako kumakula mukamapita mkati, mbali yakuseri yomwe simungaione ndi imene imaonongeka kwambiri. Anthu a zandege vutoli amalidziwa bwino moti analipangira tesiti yakeyake. Amatenga mbale ya mamilimita 100 kwa 150, nkuigwetsera chitsulo cha nsonga yobulungira ya mamilimita 16 ndi mphamvu yoyezedwa, majulu 6.7 pa milimita iliyonse ya kukhuthala, imeneyo ndi ASTM D7136. Kenako mbale yomenyedwayo amaiimika nkuikanikiza mpaka kuthyoka, D7137. Zimene zimatuluka nzoti mbale yooneka ngati ilibe kanthu imatha kutaya mpaka theka la mphamvu yake yopirira kukanikizidwa, chifukwa maleya omatukawo aliyense amayamba kukhota payekha mmalo mogwirizana. Paipi yam'mwamba ya njinga imakanikizidwa ndithu munthu akaikwera.

Panokha mutha kugogoda pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo kuzungulira pamalopo nkufanizira ndi malo abwino, pomatuka pamamveka phokoso logonthera. Finyaninso ndi chala muone ngati pakufewa kapena kulira. Koma dziwani kuti kugogoda kumangogwira zomwe zili pafupi ndi pamwamba, mukamva kugonthera ndiye kuti vuto lilipo, mukapanda kumva sizikutanthauza kuti mulibe. Chotsimikiza ndi ultrasound, mashini ounika mkati pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, imene okonza mafelemu a kaboni odziwa ntchito amakhala nayo. Nkhani yabwino njoti paipi ya felemu imakonzeka, amapala pomwe paonongeka nkumatapo maleya atsopano. Koma foloko kapena handulo ikamenyedwa chonchi ine ndimati ingosinthani, zimenezo zikathyoka muli pa liwiro palibe chokugwirani.

Funso: Bambo, kodi thanki ya faibagalasi imafooka ikakhalitsa padzuwa ndi madzi? — Mayi wofuna kugula

Yankho: Mayi, eya imafooka koma pang'onopang'ono, ndipo chimayamba kufooka ndi rezini. Dzuwa limadya pamwamba mpaka kuyamba kutuwa ngati choko ulusi nkumaonekera, madzi nawo amalowerera mu rezini nkufooketsa pomwe yagwirana ndi galasi. Rezini iliyonse ilinso ndi mlingo wa kutentha pomwe imayamba kufewa, amati Tg, ndipo ikamwa madzi mlingowo umatsika. Nchifukwa chake malabu abwino amayeza masampulo ena atawamwetsa chinyezi kwa masabata nkuwathyola ali otentha, osati ouma okha. Pogula funsani ngati rezini yake ndi yovomerezeka kusungira madzi akumwa, onani kuti khungu losalala lapamwamba lija ndi lathunthu mkati ndi kunja, ndipo ulusi ukadzayamba kuonekera pakeni msanga.

Funso: Akulu, kasitima kaja ka Titan kanaphwanyika pansi pa nyanja akuti kanali ka kaboni faiba. Nde ngati ndi choncho bwanji akupangirabe ndege zonyamula anthu ndi chinthu chomwecho? Ine zikundiopsa. — Woopa ndege

Yankho: Mantha anuwo ndi omveka, achimwene, ndipo funsoli ndi limene landikhudza kwambiri mwezi uno. Titan, ya kampani ya OceanGate, inaphwanyika pa 18 June 2023 ikupita kukaona Titanic yomwe ili pa kuya kwa mamita pafupifupi 3,800, anthu onse asanu anafa. Thupi lake linali paipi ya kaboni faiba yokhuthala pafupifupi masentimita 13 yokhala ndi zotsekera za titanium kumapeto. Pa kuya kumeneko madzi amafinya ndi mphamvu ya pafupifupi 38 MPa mbali zonse, ndiye paipiyo inali ikukanikizidwa kuchokera kunja. Ndege ndi zosiyana, m'mwamba mpweya wa mkati ndi umene umakankhira kunja, khungu la ndege limakokedwa, ndipo kusiyana kwa mpweyako sikufika ngakhale 0.1 MPa. Ulusi umasangalala ukamakokedwa chifukwa umaongoka. Ukamakanikizidwa umadalira rezini kuti iugwire usakhote, ndipo pakakhala khwinya limodzi mu maleya kapena timabowo ta mpweya, kukhotako kumayambira pomwepo. Tesiti yokanikiza nayonso njovuta kuposa yokoka, sampulo imafuna kupindika isanafike pa mphamvu yake yeniyeni, nchifukwa chake mu ASTM D6641 amaitsekera mu zitsulo nkungosiya mamilimita pafupifupi 13 pakati.

Ofufuza a ku America atayang'ana zotsalira za Titan anapeza makwinya, timabowo ndi maleya omatuka. Mu July 2022, chaka chimodzi ngozi isanachitike, panamveka chiphokoso chachikulu sitimayo itangobwera pamwamba, koma anapitiriza kuigwiritsa ntchito osaiunika mokwanira. Panalibenso bungwe loima palokha lomwe linaiyeza nkuivomereza monga zimakhalira ndi sitima zina zotere. Lipoti la US Coast Guard la mu August 2025 linanena poyera kuti ngoziyo ikanapeweka. Ulendo uliwonse wopita pansi nkubwerera unali kufinya ndi kumasula, ndipo kompoziti ikamatopa siionetsa mng'alu umodzi woti muutsatire ngati aluminiyamu, imang'aluka timing'alu tambirimbiri mu rezini, maleya nkumamatuka pang'onopang'ono mkati.

Tsopano onani mmene a ndege amachitira. Boeing 787 pafupifupi theka la kulemera kwa thupi lake ndi makompoziti, Airbus A350 ndi 53 peresenti. Amayambira pansi ndi tizidutswa masauzande ambiri, tokoka, tokanikiza, topinda, toboola pakati ngati pa bawuti, tomenyedwa, totentha ndi tachinyezi, kuchokera ku mabachi osiyanasiyana a zipangizo. Ndipo pojambula mapulani a ndege satenga avereji ayi. Amatenga nambala yotsika imene masamu akuonetsa kuti masampulo 90 pa 100 aipyola, amati B-basis, ndipo pa chiwalo choti chikathyoka palibe china cholandira katundu amatenga ya 99 pa 100, A-basis. Akachoka apo amayeza zolumikizira, kenako mapanelo, kenako zigawo zikuluzikulu, pomaliza ndege yathunthu imene siidzaulukako, ntchito yake ndi kuzunzidwa basi, ina kukokedwa mpaka malire ina kugwedezedwa maulendo ochuluka kuposa moyo wonse wa ndege. Lamulo limati ipirire katundu woposa ndi theka amene ingakumane naye pa moyo wake wonse, ndiye kuti 150 peresenti.

Ndipo matesiti amenewa amagwiradi zolakwika. Mu June 2009 Boeing inaimitsa ulendo woyamba wa 787 chifukwa poyeza pansi anapeza kufooka pomwe phiko limalumikizana ndi thupi, chinthu chomwe makompyuta awo sanachione bwino. Analimbitsa malowo, ndege inauluka koyamba mu December 2009, ndipo mu March 2010 anakoka mapiko mpaka 150 peresenti ija, nsonga zake zinakwera mamita pafupifupi 7.6 osathyoka. Anayamba kunyamula anthu mu 2011. Ndegezi zikayamba ntchito amaziunikabe pa nthawi zoikika, ndipo galimoto ya katundu ikangogunda thupi pa bwalo la ndege malowo amayenera kuonedwa ndi akatswiri, nthawi zambiri ndi ultrasound, ngakhale penti isanakalike. Kwerani ndege yanu achimwene, kaboni ya mu phiko limenelo yathyoledwa kambirimbiri mu labu inu musanaikhalire.